Mlandu wa propshaft: ndi msewu kapena ndi galaja?

Aliyense amene wakwerapo matola kuchokera pa boma la Mangochi kupita ku Namwera amadziwa pomwe macheza amathera. Mukaoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa mtsinje wa Shire, galimoto imathamanga bwinobwino m'chigwa, koma ikafika m'munsi mwa Chowe dalaivala amatsitsa giya, injini n'kuyamba kubuula, ndipo okhala kumbuyo amagwiritsa zitsulo. Chikweza chokhotakhotachi ndi chimene chimaulula matenda onse a galimoto. Ina imawira madzi, ina imanunkha klatchi. Ina imangomveka "gu!" pansi pa mpando nthawi iliyonse dalaivala akasintha giya, ndipo phokoso limeneli, lomwe madalaivala ambiri amalinyozera, ndi loopsa kuposa zinazo.

Chomwe chimalira chonchi kawirikawiri ndi propshaft, chitsulo chachitali, chobooka m'kati, chomwe chimatenga mphamvu ku giyabokosi n'kukaitula ku difu kuti mateyala azungulire. Galimoto zoyendera mateyala onse anayi, monga Toyota Land Cruiser, Hilux, Nissan Hardbody ndi Isuzu KB, zimakhala ndi ziwiri: yaitali yopita kumbuyo ndi yaifupi yopita kutsogolo, zonse zochokera pa transfer box, bokosi logawa mphamvu ku mateyala akutsogolo ndi akumbuyo. Kumapeto kwa iliyonse kuli kachitsulo ka mtanda komwe m'magalaja amangoti UJ. Kali ndi nthambi zinayi, ndipo nthambi iliyonse imavala kachipewa kodzaza ndi timasingano tachitsulo toyandama m'girisi. Girisi akauma, timasinganoto timaperesedwa mpaka kusanduka fumbi lofiira la dzimbiri. Mukaliona fumbilo m'mbali mwa kachipewa, dziwani kuti UJ inafa kale, yangotsala kugwa.

Ku Namwera galimoto zotere si zachionetsero. Phula la M3 limadutsa pa msika n'kukathera pa chipata cha Chiponde, kutsidya kwake kuli Mandimba, ku Mozambique. Koma anthu a kwa Jalasi, kwa Katuli ndi kwa Bwananyambi ambiri sakhala m'mbali mwa phula. Ambulansi yokatenga mayi amene uchembere wamuvuta, pikapu ya pa esiteti ya fodya, galimoto ya bungwe, ya wamalonda wogula chimanga ndi nandolo m'midzi ya m'malire, zonsezi zimayenda m'katondo ndi m'timitsinje topanda milatho. Kuyambira Disembala mpaka Malichi propshaft imasamba matope tsiku ndi tsiku, ndipo madzi ndi mchenga zikalowa mu UJ, girisi amatha mphamvu. Okhala kunsi, m'mbali mwa nyanja, ali ndi msewu wawo wa ku Makanjira, womwe mbiri ya kuipa kwake aliyense m'bomali amaidziwa.

N'chifukwa chake chitsulochi chikathyoka, woyamba kuimbidwa mlandu amakhala msewu. Ndipo msewu suyankha. Koma wina atakhala ndi chidwi chofunsa kuti galimotoyo inatuluka liti m'galaja, nthawi zambiri angapeze kuti m'masabata ochepa apitawo panali dzanja lomwe linamasula propshaft yomweyo.

Cholakwika chachikulu n'chaching'ono moti mwini galimoto sangachione ngakhale ataimirira pomwepo. Propshaft ili ndi malo pomwe mbali ziwiri zimalowana ndi mano, kuti izitha kutalika ndi kufupika galimoto ikamadumpha m'mabampu. Mbali ziwirizi zili ndi kalowedwe kake kamodzi kokha, kamene fakitale inakonza kuti UJ ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zizizungulira mogwirizana. Makaniko wodziwa ntchito, asanamasule kanthu, amatenga choko, penti kapena tchizulo n'kulemba mzere pa mbali zonse ziwiri komanso pomwe chitsulocho chimamangidwa ku difu. Wothamangira kasitomala wina salemba. Amasolola, kutsuka m'petulo, n'kubwezera mmene zalowera. Akaphonya ngakhale mano awiri okha, galimoto imatuluka m'galaja ikunjenjemera, makamaka ikafika liwiro lina lake pa phula. Kunjenjemerako kumadya UJ yatsopano ija, kumadya centre bearing yogwirizira propshaft pakati, kenako kumakafika pa ma seal a difu ndi a transfer box, oilo n'kuyamba kudontha. Mwini galimoto akabwerera kukadandaula, yankho limakhala lokonzeratu: "Iyayi bwana, amenewo ndi mateyala, kapangitseni balancing."

Kuika UJ kumafuna vaisi kapena puresi, ndi kudekha. Pansi pa mtengo wa mango, pomwe magalaja ambiri a m'matauni ang'onoang'ono amagwirira ntchito, pamakhala hamala, soketi yakale ndi mwala. Sikuti sizitheka, alipo amakaniko amene amaika UJ ndi hamala n'kukhala zaka. Koma kumenya kukachuluka, kasingano kamodzi kamagwa n'kugona chopingasa pansi pa kachipewa. Zikatero kachipewako sikafika pamalo pake, ndipo circlip yotsekera imakana kulowa mumzere wake. Wosamala amachotsa n'kuyambiranso. Winayo amawonjezera hamala mpaka kasinganoko kathyoke, kapena amaitana wowotcherera kuti adonthetse moto pa kachipewa, kutentha kwake n'kuphika girisi yense wa m'kati. Galimotoyo imachoka ili chete, ndipo kwa masiku angapo aliyense amakhala wokondwa.

Mabauti nawo ali ndi nkhani yawo. Anayi omanga propshaft ku difu ndi achitsulo cholimba mwapadera. Limodzi likagwera mumchenga, mnyamata wothandizira amatumidwa ku hadiweya kukagula lofanana kukula, lomwe ntchito yake n'kumanga geti. Ndipo propshaft yopindika kapena yothyoka ikaotcheredwa ndi diso lokha, popanda makina oyezera ngati yawongoka ndiponso ngati kulemera kwake kwafanana mbali zonse, imazungulira mopepeluka. Timapuleti ting'onoting'ono tomatidwa pa chitsulocho si tokongoletsa, ndi timene timaletsa kupepelukako.

Komabe kungatukwana amakaniko okha kungakhale kusaona bwino. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zipangizo zochokera kunja unakwera mosaneneka. UJ yeniyeni ya Toyota mwina muyenera kuiitanitsa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, pomwe ya m'kabokosi kofanana nayo, yosadziwika komwe inapangidwa, ili pafupi ndipo ndi yotchipa. Eni galimoto ambiri ndi amene amanena okha kuti, "Achimwene, ingopangani zoti ndiyende, mawa kuli msika." Makaniko amene anganene kuti galimoto igone masiku atatu kudikira chitsulo chabwino amadziwa kuti kasitomalayo apita kwa mnzake wa kuseri. Ambiri mwa anyamatawa anaphunzira ntchito poyang'ana kwa bwana wawo, yemwenso anaphunzira poyang'ana. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ili ndi njira zoyesera luso la anthu otere, koma ndi eni galimoto angati amene amafunsa setifiketi asanapereke makiyi?

Madalaivala nawo asadzipatule. Galimoto zambiri za mtunduwu 4WD yake ndi ya m'matope ndi mumchenga basi. Munthu akachoka m'msewu wafumbi n'kulowa pa phula osaichotsa, mateyala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana pomwe pa kona mtunda wawo umasiyana. M'matope teyala limaterereka n'kupepuza zitsulo. Pa phula louma la m'makona a Chowe mphamvu yonseyo imakapotokola propshaft ndi transfer box. Za girisi ndiye n'zomvetsa chisoni. Pa Land Cruiser ndi Hilux zambiri pali timanipo topoperapo girisi, ndipo galimoto yooloka madzi imafunika kupopedwa pafupipafupi, koma pa sevisi anthu amangosintha oilo ndi fyuluta, pansi osasuzumirako. Kuyeza n'kosavuta: pamalo afulati, injini yozimitsa, mateyala otsekera ndi miyala, giya pa neutral, gwirani chitsulocho pafupi ndi UJ n'kuchigwedeza. Chisagwedere ngakhale pang'ono.

Ikathyoka galimoto ili pa liwiro, zimakhala zina. Mbali yomasukayo imakwapula pansi pa galimoto, ndipo imatha kudula mapaipi a mabuleki, kuboola thanki kapena kuswa transfer box. Ikamasuka mbali ya kutsogolo, chitsulocho chimatha kuzika m'nthaka n'kunyamula kumbuyo kwa galimoto. Taganizani zimenezi zikuchitika potsika Chowe, kumbuyo kuli anthu ndi matumba.

Madalaivala akale ali ndi nzeru yofikira nayo kunyumba: amamasula propshaft ya kumbuyo yonse n'kuiponya m'bodi, kutseka ma hub akutsogolo, kulowetsa 4WD, n'kuyenda pang'onopang'ono ndi mateyala akutsogolo okha. Zimatheka pa galimoto zomwe chitsulocho chimamangidwa ndi mabauti ku transfer box. Pa zomwe chimangolowa m'kati, mukachisolola oilo amatayika, ndipo mukhala mwawonjeza vuto lina lodula kuposa loyamba.

Nanga ntchito ikaonongeka, munthu alowere kuti? Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo okhudza katundu ndi ntchito zosalongosoka. Makhoti a majisitireti aliponso. Koma konseko amafunsa umboni, ndipo ntchito zambiri za m'magalaja a ku Namwera zimathera pakamwa: palibe lisiti, palibe pepala lonena chomwe chasinthidwa, chitsulo chakale sichibwezedwa kwa mwini wake. Amene amalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba amatsalako ndi uthenga wa pafoni wosonyeza tsiku ndi ndalama. Enawo nkhani imakathera pa kukambirana, chifukwa makanikoyo ndi mwana wa m'mudzi momwemo, mumapemphera mzikiti umodzi, ndipo galimoto ikadzafa usiku kwa Katuli ndi yemweyo amene mudzamuimbire kuti akwere njinga yamoto ndi bokosi la masipanala.