Chifukwa chomwe U2 idajambuliranso nyimbo zake zakale mopanda phokoso

Pa 17 Marichi 2023 gulu loyimba la ku Ireland la U2 lidatulutsa chimbale cha nyimbo 40 chotchedwa Songs of Surrender. M'chimbalemo mulibe nyimbo yatsopano ngakhale imodzi. Zonse n'zakale, zina za cha m'ma 1980 pomwe eni ake adali asanamere bwino ndevu, koma adazijambulanso atachotsa zomwe zidatchukitsa gululi: kulira kwa gitala yamagetsi, kugunda kwa ng'oma ndi kufuula kofika kumapeto kwa bwalo lamasewero. Chomwe chidatsala ndi gitala yopanda magetsi, piyano ndi mawu a munthu woyimba ngati muli naye m'chipinda chimodzi.

Mchitidwewu si wachilendo pakati pa oyimba chamba cha rock. Kanema wa MTV adayambitsa pulogalamu ya Unplugged mu 1989, ndipo kudzera m'menemo Eric Clapton adatulutsa chimbale mu 1992 chomwe chidasandutsa nyimbo yake yaukali ya Layla kukhala yodekha. Gulu la Nirvana lidajambula chake mu Novembala 1993, nalo la Bon Jovi lidachita zofananako mu 2003.

Kwa U2, komabe, nkhaniyi idali yovutirapo chifukwa kamvekedwe ka gululi kadamangidwa pa magetsi. Woyimba gitala wake, The Edge, amadziwika ndi kachipangizo kobwereza mawu a chingwe chilichonse chomwe wakhudza, monga momwe phiri limayankhira munthu akafuula m'chigwa. Akakhudza zingwe zochepa zimamveka ngati zambirimbiri. Aliyense amene adamvapo chiyambi cha Where the Streets Have No Name, ya mu 1987, akudziwa kuti kulira kumeneko ndiko msana wa nyimboyo. Tsono ukakuchotsa, funso limabwera lokha: kodi pansi pake padali nyimbo yeniyeni, kapena anthu ankakonda chovala chabe?

Ntchitoyi idayamba m'nyengo ya mliri wa Covid-19, zoyimbayimba zonse zitaima. The Edge ndiye adaitsogolera, ndipo ndiye mkonzi wamkulu wa chimbalecho. Nthawi yomweyo Bono ankalemba buku la mbiri ya moyo wake, lomwe lidatuluka mu Novembala 2022 lili ndi mitu 40, uliwonse wotchedwa dzina la nyimbo. Chimbalecho adachigawa panayi, gawo lililonse n'kulipatsa dzina la mmodzi wa anthu anayi omwe akhala m'gululi kuchokera pomwe lidayambika mumzinda wa Dublin mu 1976: The Edge, Larry Mullen Jr, Adam Clayton ndi Bono. Kunena chilungamo, mayina anayiwo ndi ulemu chabe. Ng'oma za Mullen zimamveka patalipatali; ntchito yaikulu njaanthu awiri.

Zaka nazo zidalankhulapo. Bono adabadwa mu 1960, kotero chimbalechi chidatuluka ali ndi zaka 62. Mmero wa munthu wa msinkhu umenewo sukwera pomwe unkafika ali ndi zaka 24. Nyimbo zambiri adazitsitsa ndi kuzichepetsa liwiro kuti aziziyimba motsika, mwina monong'ona kumene.

Koma kusintha kwakukulu sikuli pa zida zoyimbira. Kuli pa mawu, chifukwa Bono adalembanso mizere ina ya nyimbo zomwe anthu miyandamiyanda adaziloweza pamtima.

Chitsanzo chosavuta ndi Pride (In the Name of Love) ya mu 1984, yokumbukira Martin Luther King Jr. Nyimbo yoyambayo imati King adawomberedwa m'mawa, chonsecho chipolopolo chidamupeza cha m'ma 6 koloko madzulo a pa 4 Epulo 1968 mumzinda wa Memphis. Cholakwacho chidakhala pa chimbale zaka pafupifupi 40. M'kajambulidwe katsopano nthawiyo adaikonza, ndipo palibe angadandaule nazo.

Walk On ndiyo nkhani ina. Nyimboyi idatuluka mu 2000 polemekeza Aung San Suu Kyi, mayi wa ku Myanmar amene boma la asilikali lidamutsekera m'nyumba zaka pafupifupi 15 chifukwa chomenyera ufulu wa demokalase. Idapata mphoto ya Grammy mu 2002. Mayiyo adamasulidwa mu 2010, pambuyo pake n'kukhala mtsogoleri wa boma. Mu 2017 asilikali a dzikolo adathamangitsa anthu a mtundu wa Rohingya oposa 700,000 omwe adathawira ku Bangladesh, iye osawadzudzula, ndipo mu Disembala 2019 adapita ku The Hague kukateteza dziko lake kubwalo la milandu la mayiko onse. Gulu lomwe lidamuyimbira nyimbo lidatsala ndi manyazi m'manja.

Dziko la Russia litathira nkhondo Ukraine mu Febuluwale 2022, Bono adailembanso nyimboyo kuti ikambe za anthu a ku Ukraine ndi mtsogoleri wawo Volodymyr Zelenskyy. Mu Meyi chaka chomwecho iye ndi The Edge adakayimba pa siteshoni ya sitima zapansi panthaka mumzinda wa Kyiv, momwe anthu ankabisalamo mabomba. Pa chimbale chatsopano nyimboyo ikutchedwa Walk On (Ukraine).

Apa mpomwe pali mtsutso. Ena amati mwini nyimbo ali ndi ufulu wochotsa ulemu pomwe adauika molakwika. Ena amati nyimbo ikatuluka imakhala ya oimvera, ndipo kuisamutsa kuchoka kwa ngwazi ina kupita kwa ina n'kufufuta umboni wa zomwe woyimbayo ankakhulupirira kale. Mbali yachiwiriyi ili ndi mfundo, makamaka tikaona kuti Bono wabwereza zomwe zidamupweteka poyamba: kumangirira nyimbo pa wandale amene akadali moyo. Chotonthoza n'chakuti ya mu 2000 sidafufutidwe. Zonse ziwiri zilipo pa intaneti, ndipo womvera angaziike pamodzi n'kudziweruzira yekha.

Pa malonda chimbalecho chidachita bwino: chidafika pa nambala 1 ku Britain ndi nambala 5 ku America. Olemba za nyimbo adagawanika. Dandaulo lomwe lidamveka kwambiri ndi kutalika, poti nyimbo 40 zodekha zimatenga maola pafupifupi atatu, ndipo ukafika pakati zimayamba kufanana. Nyimbo zikuluzikulu za m'mabwalo ndizo zidaluza kwambiri. Zomwe zidapindula ndi zija anthu adaziiwala, monga Stories for Boys, ya pa chimbale chawo choyamba cha mu 1980, yomwe tsopano akuiyimba The Edge mofatsa pa piyano, bambo wachikulire akuyang'ana mawu omwe anyamata adalemba. Nayo Vertigo ya mu 2004 idapeza ukali wina kudzera mu cello, chida cha zingwe chonga vayolini yaikulu. Amene alibe nthawi angayambe ndi chimbale chachifupi cha nyimbo 16 chomwe chidatuluka tsiku lomwelo.

Bata limeneli silidakhalitse. Pa 29 Seputembala 2023 gululi lidatsegulira holo yatsopano ya Sphere mumzinda wa Las Vegas, magitala amagetsi ali pamoto, likuyimba nyimbo za chimbale cha Achtung Baby cha mu 1991. Lidayimbako maulendo 40 mpaka Marichi 2024. Mullen sadakhale nawo chifukwa ankachira opaleshoni, ndipo pa ng'oma padakhala Bram van den Berg wa ku Netherlands.