Koleji yafika ku Mchinji, koma ofuna uphunzitsi akadali ndi mitolo iwiri

Boma la Mchinji limadziwika ndi mtedza, soya, fodya komanso chipata cha Mwami cholowera ku Chipata m'dziko la Zambia. Kwa zaka zambiri silinkadziwika ndi kusula aphunzitsi. Wachinyamata wa kwa Mkanda, ku Kapiri kapena kwa Kamwendo akafuna uphunzitsi ankalongedza chikwama n'kulowera ku Lilongwe kapena ku Kasungu, ndipo atsikana ena ankakafika ku St Joseph's ku Dedza.

Lero Mchinji ili ndi koleji yakeyake yosula aphunzitsi a ku pulayimale. Idamangidwa limodzi ndi ina ku Rumphi ndi ku Chikwawa, mothandizidwa ndi ndalama zochokera ku mabungwe a BADEA, OFID ndi Saudi Fund. M'boma lomwe kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 600,000, nkhaniyi si yaing'ono. Komabe makolo ambiri akamva kuti mwana wasankhidwa, funso loyamba limakhala lakuti ndalama zichokera kuti.

Mbiri ya thandizo la boma kwa ofuna uphunzitsi idayamba ndi chipwirikiti. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana adakhamukira ku sukulu, chiwerengero chawo n'kukwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Aphunzitsi adachepa. Boma lidalemba anthu zikwizikwi osaphunzira ntchitoyo n'kuwapatsa choko, kenako mu 1997 lidayambitsa ndondomeko ya MIITEP yowaphunzitsa ali kale pantchito.

Mu 2005 padabwera IPTE, ndondomeko ya zaka ziwiri: chaka chimodzi pa koleji, china m'kalasi pa sukulu ya pulayimale. Apa mgwirizano udali wosavuta kumva. Boma linkasamala maphunziro, malo ogona ndi chakudya, n'kupereka alawansi pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, imene ophunzirawo amangoitchula kuti TP. Naye wophunzira ankasayina kuti akamaliza akaphunzitsa ku sukulu ya kumudzi kwa zaka zisanu. Kwa mwana wa mlimi amene wakhoza MSCE koma wasowa malo ku yunivesite, imeneyi idali njira yotsika mtengo kwambiri yopezera ntchito yam'boma.

Zinthu zidasintha cha m'ma 2015 pamene boma lidayamba kulipiritsa fizi m'makoleji ake a aphunzitsi. Chaka chomwecho lamulo lidakhazikitsa bungwe la HESLGB, lopereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'masukulu aukachenjede. Amene akuphunzira digiri ya uphunzitsi wa ku sekondale ku University of Malawi kapena ku Mzuzu University amatha kupempha ngongoleyi kuti alipirire fizi, zolembera ndi zodyera. Si mphatso ayi. Akamaliza maphunziro amayenera kubweza kuti ena am'mbuyo apindule, ndipo bungweli limalondola ngakhale amene adakongola m'zaka za m'ma 1980.

Kwa banja la ku Mchinji, vuto lina n'kalendala. Mlimi wa mtedza ndi soya amagwira ndalama nyengo yokolola ikatha, kuyambira cha mu Meyi. Ikafika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zapepuka, feteleza wadya ndalama zonse, koma teremu siyembekezera. Apo mbuzi zimagulitsidwa motchipa ndipo amayi amathamangira ku banki m'khonde. Ngakhale wophunzira ali pa TP, alawansi ikachedwa amakhala akudalira ufa wochokera kwawo kapena chifundo cha mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu.

Mtolo wachiwiri umabwera setifiketi ya MANEB ili kale m'manja. Kale womaliza ku koleji ya aphunzitsi ankangodikira kalata yomuuza sukulu yokagwirako ntchito. M'zaka zaposachedwapa magulu ngati IPTE 13 ndi IPTE 14 adakhala pakhomo zaka asadalembedwe, ndipo bungwe la aphunzitsi la TUM lakhala likudandaula za kuchedwaku. Ena adalowa ngati aphunzitsi othandizira kudzera mu pulogalamu ya MERP, yothandizidwa ndi World Bank, pa mgwirizano wa kanthawi komanso malipiro ochepa poyerekeza ndi a mphunzitsi wolembedwa. Ena ayamba kugula mbewu pa sikelo m'misika kapena kuphunzitsa m'masukulu apulaiveti.

Zonsezi zikuchitika pamene boma likufunitsitsa kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, chikhalirecho m'masukulu ambiri akumudzi kalasi ya Sitandade 1 imapitirira ana 100. Koleji ya ku Mchinji izitulutsa aphunzitsi chaka ndi chaka, koma kuchuluka kwa amene adzafike m'makalasi a kwa Mavwere, kwa Dambe ndi kwa Mlonyeni kudzadalira ndalama zimene Nyumba ya Malamulo idzaike mu bajeti yolembera aphunzitsi atsopano.