Chikatolika cha m'kalasi chili pati?



Abale ndi alongo, makamaka inu makolo a ku Feira, ku Katondwe, ku Kapoche ndi m'midzi yonse ya mafumu athu a Mburuma ndi a Mphuka, lero tilowe m'kalasi ya mwana wa pulayimale. Pali funso limene timalimva pa misonkhano ya makolo ndi m'miphakati. Mabuku ndi a boma, silabasi ndi ya boma, mayeso ndi a boma. Nanga Chikatolika cha sukulu ya pa mishoni chatsala pati? Ena amaloza mtanda umene uli pamwamba pa bolodi, ena amatchula pemphero la m'mawa. Zimenezo ndi zabwino, tisazichotse. Koma pemphero la m'mawa limatha m'mphindi zisanu, pamene mwana amakhala m'kalasi maola angapo. Ife tikufuna tione maola otsalawo.

Tikumbutsane kaye kumene tachokera. M'chaka cha 1910 ufumu unagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano linathamangitsa ansembe a chipani cha Ajezuiti m'mayiko ake onse. Amene anali pa mishoni ya Miruru, tsidya la Mozambique kufupi ndi Zumbo, anaoloka Luangwa nakhazikika ku Kapoche, kenaka ku Katondwe. Posakhalitsa kunabwera Ajezuiti a ku Poland kudzagwira ntchitoyo. M'masukulu a masiku amenewo mphunzitsi ndi katekisiti anali munthu mmodzi: yemwe akuphunzitsa a, e, i, o, u ndi yemwenso akuphunzitsa katekisimu. Dziko litalandira ufulu mu 1964 zinthu zinasintha, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Mpingo unapereka masukulu ake ambiri a pulayimale m'manja mwa boma. Kuyambira pamenepo sitilemba tokha zoti ana aphunzire. Ngakhale silabasi yatsopano imene yayamba mu 2025, yomwe yafupikitsa pulayimale kukhala zaka 6, yachokera ku unduna wa maphunziro.

Ife sitidandaula nazo. Mwana wa ku Katondwe ayenera kudziwa zimene mwana wa ku Lusaka akudziwa, chifukwa mayeso awo ndi amodzi. Chimene chatsala m'manja mwathu ndi kaphunzitsidwe kake, ndipo chimenecho si chaching'ono.

Titenge masamu. Mphunzitsi walemba pa bolodi: mayi agula nsomba zouma za K200, akazigulitsa pa Luangwa Bridge K260, phindu ndi zingati? Ana aimika manja, yankho ndi K60, silabasi yakhutira. M'kalasi ya Chikatolika mphunzitsi saima pomwepo. Amafunsanso: wogula uja, pothamangira basi, wasiya K10 yapamwamba osadziwa. Ndalama imeneyo ndi ya yani? Apa kalasi imagawikana. Wina akuti ndi mwayi, wina akuti ndi kuba, wina akuseka chifukwa waziona kwawo. Mphunzitsi sanatseke buku la masamu kuti atsegule katekisimu ayi, akadali pa masamu omwewo. Koma mwana wayamba kuona kuti luso lowerengera lili ngati mpeni. Ndi luso limeneli sadzaberedwa ndi ogula ochokera m'tauni amene amatsitsa mtengo wa masau ndi mphasa. Ndi luso lomwelinso angathe kubera agogo ake amene sadziwa kuwerenga chenji. Tikamuphunzitsa kuwerengera osamuphunzitsa kubweza, tanola mpeni ndi kuupereka kwa mwana osamuuza kogwira.

Pa sayansi ndiye pamavuta, ndipo tisabise. Papa Fransisko analemba kalata yotchedwa Laudato Si' mu 2015, yotikumbutsa kusamala chilengedwe cha Mulungu. Mawu amenewa ndi osavuta kuwanena kumene njovu amaiona pa chithunzi chokha. Kuno m'kalasi muli mwana amene munda wa kwawo unatha usiku umodzi, ndi wina amene m'bale wake anagwidwa ndi ng'ona padooko. Mphunzitsi akangoimba kuti nyama ndi zokongola, ana adzamuona ngati mlendo wosadziwa za kuno, ndipo adzayamba kukayikiranso zina zonse zimene amanena za Mulungu. Mphunzitsi wachikhristu amayamba ndi choonadi: moyo wa munthu ndi woposa wa nyama, ndipo chisoni cha banja lotaya munda ndi chenicheni. Akatero amaphunzitsa zothandiza, monga kusasamba kapena kutunga madzi pamtsinje kukuda, kutchinjiriza munda ndi tsabola, ndi kudziwitsa a zanyama msanga njovu zikayandikira mudzi. Kenaka amafika pa mbali yathu ife anthu. Boma limatseka usodzi m'madera ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Mwana akamvetsa chifukwa chake, amvetsanso kuti neti ya udzudzu ikalowa m'madzi imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo amene akuberedwa ndi mng'ono wake amene adzafuna ndiwo zaka zikubwerazi. Lamulo lachisanu ndi chiwiri laphunzitsidwa pamenepo popanda kulitchula.

Koma phunziro lalikulu silinalembedwe pa ndandanda ya maphunziro. Kuyambira mu Januwale 2022 maphunziro ndi aulere, ndipo ana amene ankakhala kunyumba anabwera kusukulu. Tithokoze Mulungu. Makalasi adzaza, madesiki sakwanira, ndipo mwezi wa Okutobala kutentha kwa kuno mukukudziwa nokha. Mphunzitsi wotopa amakopeka kuphunzitsa ana khumi a kutsogolo amene amamva msanga, ena onse n'kumangokhala ngati mipando. Kumbuyo kuja kuli mtsikana amene wafika mochedwa chifukwa anayamba wakatunga madzi. Kuli mnyamata amene kwawo amalankhula Chikunda kapena Chinsenga, ndipo atayesa kuyankha m'Chingerezi anzake anamuseka, ndiye anatseka pakamwa mpaka lero. Ana onse amaona zimene mphunzitsi amachita ndi awiriwa. Akawadziwa maina, akaletsa kuseka, akalola mwana kufotokoza m'chilankhulo cha kwawo kenaka n'kumuthandiza kuchinena m'Chingerezi, kalasi yonse yaphunzira kuti munthu ndi chifaniziro cha Mulungu. Akawatcha mbuli, kalasi yaphunziranso, ndipo Tikuoneni Maria wa m'mawa sangafafanize phunziro limenelo.

Luka Woyera, m'mutu wachiwiri, amatiuza za Yesu ali ndi zaka 12, atakhala pakati pa aphunzitsi m'Nyumba ya Mulungu, akumvetsera ndi kufunsa mafunso. Aphunzitsi aja anamulola mwana kufunsa. Ife akuluakulu a kuno timakonda mwana wachete, timati ndiye waulemu. Tisamale, chifukwa mwana amene waphunzira kusafunsa m'kalasi sadzafunsanso tsiku limene munthu wamkulu adzamuitanira kuseri.

Za mayeso tinene mwachidule. Sukulu imene imaonetsa ana mayankho kuti dzina lake limveke yagwetsa zonse takambazi, ngakhale ana onse atakhoza. Ndipo za ana a mipingo ina amene amakhala nafe m'kalasi: sitiwakakamiza chikhulupiriro chathu, ndipo sitiwachepetsera chikondi kapena malikisi.

Tsono kwa ife makolo. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha maphunziro cha mu 1965, unaphunzitsa kuti aphunzitsi oyamba a mwana ndi makolo ake. Mphunzitsi anganene za K10 ija m'mawa, koma madzulo mwana amationa tikubisa nsomba zoola pansi pa mulu. Anganene kuti mtsikana amalize sukulu, koma ndife timalandira ndalama za mkamwini mwana akadali Giredi 6. Anganene za kufika msanga, koma ndife timatenga mnyamata kupita naye m'bwato sabata yathunthu nsomba zikagwa. Umphawi ulipo, sitikuukana, ndipo ena a ife tachitapo zimenezi misozi ili m'maso. Komabe mwana sangasenze ziphunzitso ziwiri zotsutsana mpaka kalekale. Tsiku lina adzatula chimodzi, ndipo kawirikawiri amatula cha kusukulu.

Madzulo ano, nsima ikatha, tisamufunse mwana malikisi okha. Timufunse kuti ndani amakhala kumbuyo m'kalasi mwawo, dzina lake ndani, ndipo aphunzitsi anamufunsako funso lero kapena ayi. Zimene tidzamve tikazitengere ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa temu ino.