Kamera Ikakana Kuona, Wolakwa Ndani?

Ambiri amene akuphunzira kulemba mapulogalamu othandiza kompyuta kuzindikira zinthu pa zithunzi amayambira pa OpenCV, laibulale imene Gary Bradski anaiyambitsa ku kampani ya Intel mu 1999. Phunziro loyamba limaoneka losavuta: timizere tochepa ta Python, kamera ya pa laputopu iyake, munthu adzione nkhope pa sikirini. Koma nthawi zambiri nkhopeyo siituluka. Pamangobwera mdima, kapena mawu ofiira ambirimbiri. Zikatero aliyense amene ali pafupi amasanduka sing'anga, ndipo mankhwala amene amatchulidwa amakhala omwewomwewo.

Ganizo loyamba kumveka ndi lakuti kamera yafa, kapena ilibe dalaivala. Izi zimachitika, koma kawirikawiri ayi. Makamera ambiri a masiku ano amatsata muyezo umodzi wotchedwa UVC umene unatuluka mu 2003, ndipo Windows, Linux ndi macOS zimaudziwa kale popanda kusakasaka dalaivala pa intaneti. Kuyesa kwake n'kwachidule: tsekani khodi yanu, tsegulani kamerayo ndi Zoom kapena pulogalamu ya kamera imene inabwera ndi kompyuta. Ikaonetsa chithunzi, ndiye kuti ili moyo, vuto lili panjira yochokera ku kamera kufika ku khodi yanu. Ndipo musaiwale kutseka Zoom mukatha, chifukwa kamera ikagwiridwa ndi pulogalamu imodzi, nthawi zambiri ina imakanizidwa. Wogwirayo nthawi zina amakhala inu nomwe: munayendetsa khodi mu Jupyter, inagwa isanafike pa mzere wa release womasula kamera, ndiye kamera idakali m'manja mwa ntchito yakale ija mpaka mutayambitsanso kernel. Palinso nkhani ya chilolezo. Kuyambira pa macOS Mojave ya mu 2018, kamera siiyaka popanda kuloledwa, ndipo chilolezocho chimaperekedwa kwa Terminal kapena pulogalamu imene mukulemberamo khodi, osati kwa Python. Windows ili ndi batani lake m'masetingi a zachinsinsi, pomwe pa Linux dzina lanu limafunika kukhala m'gulu lotchedwa video. Kachitseko kapulasitiki kotsekera diso la kamera nakonso kapusitsa anthu ophunzira bwino.

Chikhulupiriro chovuta kuchizula ndi chakuti mzere umene uthenga wofiira watchula ndiwo wolakwa. Uthengawo umaloza pa cvtColor kapena imshow, uli ndi nambala -215, ndiye munthu amatha tsiku lonse akusinthasintha mzere umenewo. Mzerewo ulibe mlandu. Wangolandira chithunzi chopanda kanthu ndipo wakana kuchigwira. Lamulo la read limabweza zinthu ziwiri: yankho lakuti zatheka kapena zakanika, ndi chithunzicho. Zikakanika OpenCV siikuwa, imangopereka False ndi None mwakachetechete, khodi n'kumapitirira mpaka itakapunthwa patsogolo. Ngati pali chizolowezi chimodzi chimene ndingakakamize wophunzira aliyense, ndi ichi: funsani isOpened mukangotsegula kamera, ndipo yang'anani yankho la read musanakhudze chithunzi. Mbali yaikulu ya mavuto onsewa ndi yomweyi. Khodi imapempha, kamera imayankha, koma wolemba khodi samvetsera yankholo.

Pa nambala imene mumapereka kwa VideoCapture potsegula kamera, ena amati 0 ndi kamera ya pa laputopu, 1 ndi yomwe mwalumikiza ndi chingwe, basi. Manambalawa sanalembedwe pa kamera, amagawidwa ndi kompyuta malinga ndi m'mene yapezera zipangizo, ndipo amatha kusinthana mukaizimitsa n'kuiyatsanso. Pa Linux pali msampha wina. Kuyambira pa kernel 4.16, kamera imodzi ya UVC imaoneka kawiri, monga video0 ndi video1, koma yachiwiriyo siipereka zithunzi, imangonyamula mauthenga ofotokoza za zithunzizo. Choncho kamera yachiwiri yeniyeni imapezeka pa 2. Lamulo la v4l2-ctl limatha kukuonetsani mndandanda wonse, dzina la kamera iliyonse ndi manambala ake.

Nanga kuchotsa OpenCV n'kuikanso? Awa ndi mankhwala amene amaperekedwa pa matenda alionse, ndipo chimene amatha kwenikweni ndi bandulo ya intaneti. OpenCV payokha siilankhula ndi kamera, imadutsira mwa mkhalapakati: Media Foundation kapena DirectShow pa Windows, V4L2 kapena GStreamer pa Linux, AVFoundation pa Mac. Pa Windows makamera ena amachedwa kwambiri kutseguka kudzera mu Media Foundation, koma mukangouza VideoCapture kuti igwiritse ntchito CAP_DSHOW amayaka nthawi yomweyo. Kuikanso laibulale kakhumi sikungasinthe mkhalapakatiyo. Pomwe kuikanso kumathandiza ndi pamene mwaika mitundu iwiri nthawi imodzi, opencv-python ndi opencv-python-headless. Yonse imadziwika ndi dzina limodzi la cv2, ndipo yachiwiriyo anaipangira maseva opanda sikirini, motero imshow siigwira ntchito m'menemo. Windo likatseguka koma n'kuuma osaonetsa kanthu, onani ngati mwaika waitKey, poti ndi iyo imapatsa windo mpata wojambula chithunzi. Ndipo amene akulembera khodi mu Google Colab asavutike n'komwe ndi VideoCapture: khodiyo ikuyenda pa kompyuta ya Google imene ili kutali, yopanda kamera.

Tsono tifike pa chikhulupiriro chimene chimagwira ngakhale akatswiri, chakuti ukalamula kamera ndi set kuti ipereke zithunzi za 1920 kwa 1080, makumi atatu pa sekondi, imatero chifukwa pa katoni yake analemba choncho. Lamulo la set ndi pempho chabe. Kamera imatha kukana, kapena kusankha kukula kwina koyandikira, osakuuzani. Nthawi zina imavomera kukulako koma zithunzi n'kumabwera zisanu zokha pa sekondi, kanema n'kumadumphadumpha. Chifukwa chake chili m'masamu osavuta. Makamera ambiri akasiyidwa okha amatumiza zithunzi zosapanikiza za mtundu wa YUYV, mabayiti awiri pa pikiseli iliyonse. Chithunzi chimodzi cha 1920 kwa 1080 chili ndi mapikiseli opitirira 2 miliyoni, kutanthauza mamegabayiti 4 ndi kachidutswa. Zikakhala 30 pa sekondi afika pafupifupi 124. Koma USB 2.0, imene makamera ambiri otchipa amagwiritsa ntchito, imatha mamegabiti 480 pa sekondi, omwe ndi mamegabayiti 60 okha pa pepala, ndipo kamera imodzi imapatsidwa pafupifupi 24 mwa amenewo. Gawani 24 ndi 4 ndi kachidutswa kaja, yankho silifika pa 6, muona komwe zisanu zija zikuchokera. Njira yake ndi kupempha kamera kuti izipanikiza yokha zithunzi mu mtundu wa MJPG, ndipo ndi bwino kupempha zimenezi musanatchule kukula kwa chithunzi. Mukatha, funsani kamera ndi get, kapena onani shape ya chithunzi chimene chafika, kuti mudziwe chimene mwapatsidwa.

Masamu omwewa ndi amene amamasulira uthenga wina wosokoneza kwambiri pa Linux. Munthu walumikiza makamera awiri pa habu imodzi ya USB, yoyamba ikuyenda bwino, yachiwiri ikukana ndi mawu akuti No space left on device. Amathamangira kufufuta mafayilo poganiza kuti disiki yadzaza. Disiki ilibe nazo kanthu. Malo amene atha ndi a m'chingwe: kamera imodzi ya 640 kwa 480 yosapanikiza, yotumiza zithunzi 30 pa sekondi, imafuna kale mamegabayiti opitirira 18 pa sekondi, ndipo makamera ena amadzisungira gawo lalikulu kuposa limene akufunikira. Chepetsani kukula kwa chithunzi, sinthirani ku MJPG, kapena lumikizani kamera yachiwiri pa poti ya mbali ina ya kompyuta.

Kanema akamayenda pang'onopang'ono, mlandu umagwera laputopu kuti ndi yofooka. Nthawi zina n'zoona. Koma yambani mwayatsa getsi lina. M'chipinda chamdima kamera imatsegula diso nthawi yaitali pa chithunzi chilichonse kuti itole kuwala kokwanira, ndipo zithunzi za pa sekondi zimatsika zokha, pamene CAP_PROP_FPS ikupitiriza kunena kuti ndi 30. N'chifukwa chake khodi imene imayenda bwino masana imalefuka madzulo. Zithunzi zoyambirira zikamabwera zakuda, kamera ikadali kuyeza kuwala, ingotayani zingapo zoyambazo.

Kuchedwa kwina ndi kwa mtundu wosiyana: mukweza dzanja, pa sikirini likwera pambuyo pake. Apa kamera ikujambula mofulumira kuposa m'mene khodi yanu ikuthera kusanthula chithunzi chilichonse, ndiye zithunzi zimaima pa mzere ngati matumba a chimanga ku chigayo, chimene chikugayidwa pano ndi chimene chinafika kalekale. Kuchepetsa CAP_PROP_BUFFERSIZE kumathandiza pa akhalapakati ena, kwina sikumveka. Chodalirika ndi kupatula thread imodzi yoti izingowerenga kamera mosalekeza n'kumasunga chithunzi chatsopano chokha, zotsalazo zizitayidwa.

Mizere yakuda yoyenda pa chithunzi nayo siitanthauza kuti kamera ikutha. Magetsi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi a 50 Hz, pomwe a ku United States ndi a 60, ndipo mababu ena, makamaka machubu aatali a m'maofesi, amaphethira motsatira magetsiwo mofulumira moti diso la munthu siliona. Kamera yotcheredwa pa 60 ikajambula pansi pa getsi la 50 imaonetsa kuphethirako ngati mizere. Pa Linux setingi yake imatchedwa power_line_frequency. Nkhope ikatuluka yabuluu mukaonetsa chithunzi ndi Matplotlib, mitundu ya kamera ili bwinobwino: OpenCV imasanja mitundu kuyambira buluu, girini kenako wofiira, pamene Matplotlib imayembekezera wofiira poyamba. Mzere umodzi wa cvtColor wokhala ndi COLOR_BGR2RGB umabwezera khungu mtundu wake.