Maluwa a karela akamayoyoka musathamangire mankhwala

Sabata yatha mayi wina anandiitana kuti ndikaone karela amene anabzala kuseri kwa nyumba yawo. "Alangizi, mbewu yanga yagwidwa matenda. Maluwa akungoyoyoka, ndapopera katatu koma palibe chikusintha." Nditafika ndinapeza mbewu yobiriwira bwino itayanga mpanda wonse, pansi timaluwa tachikasu tili mbwee. Njuchi sindinaionepo ndi imodzi yomwe. Zinandipweteka mtima, chifukwa mbewuyo sinkadwala, ndipo mankhwalawo anali atapha antchito amene akanaibereketsa.

Nkhani imeneyi ndatopa nayo. Karela, amene dzina lake la sayansi ndi Momordica charantia, ndi m'bale wake wa maungu ndi nkhaka. Ife timati mbewu zoterezi ndi monoecious, kutanthauza kuti tsinde limodzi limatulutsa maluwa aamuna paokha ndi aakazi paokha. Aamuna ndiwo amayamba, amakhala ambiri zedi, ndipo ntchito yawo ndi ya tsiku limodzi basi: amamasula m'mawa, n'kupereka mungu, kenako n'kugwa. Aakazi amabwera pambuyo pake, mwina patadutsa sabata imodzi kapena ziwiri.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti zimenezi timazidziwa kale. Mayi yemweyo akamathyola chiluwe choti aphikire limodzi ndi nkhwani, sakhudza duwa limene lili ndi kadzungu kunsi kwake. Amadziwa kuti limenelo ndi lobereka. Nanga bwanji pa karela nzeru imeneyi timaiiwala? Kapena n'chifukwa choti ambirife tinamudziwira kwa anzathu achimwenye, ndiye timamuona ngati mlendo wovuta? Yang'anani kunsi kwa duwa. Likakhala ndi kachipatso ka zotupatupa, ndi lalikazi. Likakhala pa kaphesi kowonda kopanda kanthu, ndi lalimuna, ndipo kugwa kwake si tsoka.

Vuto lenileni ndi pamene tizipatso ta maluwa aakazi tikuchita chikasu n'kufota. Kawirikawiri, ngakhale si nthawi zonse, ndiye kuti mungu sunafike. Pamenepo lawirirani m'mawa, thyolani duwa lalimuna limene langomasula kumene, mukhudzitse pakati pa lalikazi. Mayi aja ndinawaonetsa, ndipo tinamaliza mpanda wonse madzi a tiyi asanawire.

Zinazi ndingotchula mwachidule. Njere za karela n'zolimba khungu, choncho ziviikeni m'madzi usiku umodzi musanabzale. Mbewuyi imakonda kutentha, m'chisanu cha June ndi July imanyentchera. Ipatseni poyanga potalika pafupifupi mamita 2, ndipo musachulutse Urea, mungakolole masamba okhaokha. Ntchentche za zipatso zikamaboola karela, vekani zipatsozo timatumba ta pepala zikadali zazing'ono. Sizithetseratu vutolo, koma zimathandiza. Kololani akadali wobiriwira, patatha pafupifupi sabata ziwiri duwa litamasula, chifukwa akayamba chikasu amang'ambika yekha n'kutaya njere zake zofiira.