Khofi wowawa, khofi wokolera: zomwe ndinamva mu tiyirumu ku Kachulu

Mwezi watha ndinali pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba. Kunja kukuzizira, ndinalowa mu tiyirumu momwe asodzi ndi ogula matemba amadikirira mabwato ochokera ku chilumba cha Chisi. Nditapempha khofi, mayi wogulitsa anandifunsa kuti: "Achimwene, ndiye tiyi wa khofi, osati wamasamba?"

Funso limeneli likuonetsa kuti m'kayankhulidwe kathu mawu akuti tiyi anatambasuka tanthauzo. Tiyi ndi chakumwa chilichonse chotentha cha m'mawa, ndipo "kumwa tiyi" nthawi zambiri kumangotanthauza kudya kadzutsa. Choncho khofi amamveka ngati mtundu umodzi wa tiyi.

Chodabwitsa n'chakuti Zomba anadziwa khofi kalekale. Mbande zoyamba zinafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo John Buchanan anatsegula minda ya khofi m'munsi mwa phiri la Zomba. Chizindikiro cha boma la British Central Africa chinali mtengo wa khofi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ulimiwu unalowa pansi, mwa zina chifukwa khofi wa ku Brazil anagwetsa mitengo, ndipo azungu a minda anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Khofi anali mbewu yotumiza kunja. Chomwe chinakhazikika m'makapu a anthu ndi tiyi.

Ngakhale zili choncho, liwulo linalowa bwino m'Chichewa. Timati "khofi uyu ndi wanga", monga timanenera "tiyi uyu" ndi "shuga uyu". Onsewa ali m'gulu limodzi ndi galu ndi fodya. Koma kapu ili kwina: "kapu yanga", zikachuluka "makapu anga". Onaninso kuti khofi ali ndi kh, ngati khoti ndi khadi, pomwe kapu ndi ketulo alibe mpweya umenewo, chonsecho m'Chingerezi mawu onsewa amayamba ndi liwu limodzi.

Zomwe mayi aja anandithirira zinali Ricoffy, yemwe si khofi yekhayekha: ndi khofi wosakaniza ndi chicory, muzu wokazinga umene umachepetsa mphamvu ndi mtengo womwe. Kusakaniza kwina ndi kwa mitundu iwiri ya khofi, arabica ndi robusta. Arabica amanunkhira kwambiri, ndipo ndi amene amalimidwa kwambiri kuno kwathu, monga wa Mzuzu Coffee wochokera kumapiri a Misuku ndi Phoka, kapena wa ku Satemwa ku Thyolo. Robusta ndi wowawa kwambiri, ndipo caffeine wake amaposa wa arabica pafupifupi kawiri. Zomwe mapaketi amati blend, ife tingoti khofi wosakaniza, ndipo palibe chotayika.

Vuto lenileni lili pa mawu a kakomedwe. Liwu lakuti "kuwawa" limasenza katundu wambiri: mankhwala amawawa, tsabola amawawa, mutu umawawa. Ndiye munthu akamasulira strong kuti "wowawa", wogula amamva ngati akumuchenjeza. Msodzi wina yemwe ndinakhala naye benchi limodzi anali ndi liwu labwino. Atalawa anati: "Mayi, uyu sanakolere, onjezerani kasupuni." Kukolera ndi liwu la kukhitchini, la mchere mu ndiwo ndi shuga mu phala, ndipo limatanthauza kuti chothiracho chafika pa muyezo wake. Mnzake wotsutsana nalo ndi "kusukuluka". Khofi wosukuluka ndi uja wochuluka madzi, woti ukayang'ana m'kapu umaona pansi.

Palinso mawu awiri ofunika kuwasiyanitsa: kuwawasa ndi kusasa. Akatswiri olawa khofi amayamikira arabica chifukwa cha kamchenicheni konga ka zipatso. Kumeneko ndi kuwawasa, ngati kwa malambe kapena bwemba. Kusasa ndi kwa mkaka kapena thobwa logonetsa, ndiko kunena kuti chinthu chayamba kuonongeka. Womasulira akasokoneza awiriwa, wanyoza khofi amene amafuna kumutamanda.

Nanga popanga kapu imodzi pakhomo, mneni wake ndi uti? "Kufulula" ndi kwa mowa ndi thobwa, sikugwira pano. Khofi wa m'chitini kapena wa m'kasacheti timamusungunula: supuni imodzi kapena ziwiri zazing'ono m'kapu, madzi otentha, n'kutakasa, basi. Khofi wogaya sasungunuka, ameneyu timamuviika. Terekani madzi pa mbaula, akawira aphuleni adikire pang'ono, thirani pa masupuni awiri a khofi, vundikirani mphindi ngati 4, kenako sefani. Mukamuwiritsa pamoto nthawi yaitali ngati tiyi wamasamba wa mu tiyirumu, fungo limathawa n'kutsala kuwawa kokhakokha. Madzi nawonso ali ndi mbali yake. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo madzi otero amasintha kakomedwe ka chakumwa.

Taonani aneni amene tagwiritsa ntchito: kukazinga, kugaya, kusakaniza, kusungunula, kuviika, kutakasa, kusefa, kukolera. Ambiri mwa iwo si obwereka. Tinabwereka mayina monga khofi, kapu, supuni ndi shuga, koma ntchito ndi kakomedwe nthawi zambiri timazifotokoza ndi mawu omwe agogo athu ankakazingira mtedza ndi kuviikira mphale.

Amene mukufuna kudzalemba mapaketi kapena kumasulira malonda m'Chichewa, musathamangire kupeka mawu atsopano musanakhale pa benchi la mu tiyirumu n'kutchera khutu. Kwanuko, khofi kapena tiyi akachuluka mphamvu mumati watani? Ndikufuna kumva makamaka kwa anzathu oyankhula Chiyao ndi Chilomwe a m'mbali mwa Chilwa momwemo.