ULENDO WA KU TETE UYAMBIRA M'KOPE

Anzathu a m'koperativa, amayi ndi abambo, lero tikambirane za ulendo. Tiyambe ndi zimene zinatigwera ife eni.

Chaka china tinalima kachewere m'dimba la koperativa yathu kuno ku Angónia. Anabereka bwino ndithu. Tinati: "Ogula a pamsewu amatidyera. Tiyeni tikagulitse tokha ku Tete." Tonse tinaomba m'manja. Tsiku lomwelo tinatenga makasu n'kuyamba kukumba. Mawa lake tinasenza matumba kupita nawo kumsewu.

Nanga galimoto? Aliyense ankaganiza kuti mnzake wapangana kale ndi dalaivala. Chonsecho palibe amene anapita. Tinakhala pamsewu masiku atatu, matumba ali padzuwa. Unali mwezi wa Okutobala. Pofika ku Tete, matumba ena anali kudontha madzi ndi kununkha. Otsalawo tinagulitsa motaya, chifukwa tinalibe pogona ndiponso ndalama ya chakudya inali itatha. Mayi wina wa m'kalasi mwathu ankayembekeza kugula malata ndi gawo lake. Chaka chimenecho anafoleranso udzu.

Kodi tinalakwa kulima? Iyayi. Kodi anali matsenga? Iyayi. Tinanyamuka ulendo tisanaukonze, basi.

Mafunso anayi

Tsopano timadziwa kulemba. Tisananyamule khasu kapena thumba, tiyambe tanyamula kope ndi pensulo. Tilembe mafunso anayi awa:

1. Tikufuna kuchita chiyani?
2. Tichita liti?
3. Achita ndani?
4. Padzalowa ndalama zingati?

Funso lachitatu ndi limene linatigwetsa ife. Ntchito ya "tonse" sigwiridwa ndi munthu. Ntchito iliyonse ikhale ndi dzina la mwini wake pambali, ndipo mlembi awerenge mainawo mokweza kuti aliyense amve.

Tidziwe njira

Kuchokera ku Ulóngue kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200. Msewu umatsetsereka mpaka pa Mussacama. Pamenepo umakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Zóbuè. Kenaka umadzera ku Moatize n'kukafika pamtsinje wa Zambezi. Kuno kumapiri n'kozizira, koma kuchigwa kuja kumatentha koopsa. Kachewere sagwirizana ndi kutentha. N'chifukwa chake tipakire madzulo dzuwa litapendeka, tiyende kukadazizira, tikafike m'mamawa.

Pa Zambezi pali milatho iwiri: wakale uja wolowera mumzinda, ndi wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Malole olemera amadzera watsopanowo. Tsono timufunsiretu dalaivala: "Kodi mukatitsitsa pati? Pamsika penipeni kapena patali?" Akatitsitsa patali, tidzalipiranso onyamula. Safunsa anadya phula.

Tiwerenge chobwerera m'mbuyo

Nzeru yaikulu ndi iyi. Tiyambe kusankha tsiku la ulendo. Kenaka tiwerenge masiku chobwerera m'mbuyo, mpaka tifike pa lero. Tikatero tidzaona ntchito yoyenera kuyamba.

Kutatsala masabata 4: Msonkhano. Tiyerekeze matumba amene tidzapeze. Munthu mmodzi aimbe foni kwa wachibale kapena wamalonda wa ku Tete, afunse mtengo wa thumba.

Kutatsala masabata 3: Anthu awiri akapangane ndi mwini galimoto za tsiku, malo ndi mtengo. Alembe zimenezi papepala. Kudimba, tidule mitengo ya kachewere ngati yakhwima ndi kufota. Kachewere atsale m'nthaka masabata awiri kuti khungu lake lilimbe. Wa khungu lanthete amasupuka m'thumba n'kuyamba kuola.

Kutatsala sabata imodzi: Tikumbe nthaka ili youma. Tiyanike pamthunzi, osati padzuwa, chifukwa kuwala kumasandutsa kachewere kukhala wobiriwira, ndipo wobiriwirayo ndi wowawa ndiponso ndi woipa m'thupi. Tisatsuke. Tichotse wotemedwa ndi khasu ndi woyamba kuola. Mmodzi woola amaoletsa anzake. Tipatule wamkulu payekha, wamng'ono payekha.

Kutatsala masiku 2: Tisoke matumba olowa mphepo. Tilembe m'kope chiwerengero chake. Timukumbutsenso dalaivala. Opita paulendo aone ngati chitupa chawo cha BI chilipo, foni ili ndi moto, ndiponso adziwe kumene akagone malonda akachedwa.

Mwaona? Ulendo wa tsiku limodzi uli ndi ntchito ya mwezi wathunthu.

Tiwerengere ndalama

Kodi kupita ku Tete n'kopindulitsa nthawi zonse? Pensulo ndiye ayankhe. Manambala ali m'munsiwa ndi ongoyerekeza, ophunzirira masamu. Inu mudzaike enieni a tsiku lanu.

Tili ndi matumba 40. Wogula wa pamsewu akupereka mametikali 1,200 pa thumba. Ku Tete thumba likugulidwa 1,500. Kusiyana kwake ndi 300 pa thumba. Matumba 40 atipatsa 12,000 yoonjezera. Mtima ukuti: "Tiyeni!" Koma taimani kaye.

Galimoto: 150 pa thumba, pamodzi 6,000.
Chakudya ndi chapa yobwerera ya anthu awiri: 2,000.
Msonkho wa pamsika ndi onyamula: 1,000.
Zonse pamodzi: 9,000.

Tikachotsa 9,000 pa 12,000 patsala 3,000. Limeneli ndiye phindu lenileni la ulendo. Tsono matumba atatu okha akaola panjira, tataya 4,500. Phindu lonse lapita, ndipo tikanachita bwino kugulitsa pakhomo. Masamu amenewa tiwachite tili pansi pa mtengo kumudzi, osati tili kale pamsika.

Tisaiwalenso kupatula kandalama kapadera. Tayala limaphulika, mtengo umatsika, munthu amadwala. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndalama yapaderayi isakhudzidwe pogula ndiwo kapena mowa. Ikapanda kugwira ntchito, ibwerere m'bokosi la koperativa.

Pobwerera

Ulendo sunathe pamene malonda atha. Opitawo abwere ndi kope lolembedwa: matumba amene anagulitsa, mtengo wake, ndalama zimene anaononga. Awerenge pamsonkhano pamaso pa onse. Zikatero palibe kunong'onezana kuseri kwakuti uje wadya ndalama. Kenaka tifunsane: chinayenda bwino n'chiyani? Chinavuta n'chiyani? Mayankho alembedwe, chifukwa chaka chamawa mutu udzaiwala koma kope lidzakumbukira.

Nanga za pakhomo pathu?

Mafunso anayi aja si a koperativa yokha. Amagwiranso ntchito m'banja.

Mayi uja wa malata sanagwe mphwayi. Chaka chotsatira anatenga kope lake. Pamwamba analemba ndi dzanja lake: "Malata, mvula isanagwe." Mvula kuno imayamba cha mu Novembala, tsono anawerenga chobwerera. Mmisiri akhome mu Okutobala. Malata ndi misomali zigulidwe mu Sepitembala. Mitengo ya denga idulidwe mu Julayi kuti iume. Anafunsa mmisiri kuti nyumba yake ifuna malata angati, anafunsa mtengo m'masitolo awiri, n'kugawa ndalamazo pa miyezi. Mwezi uliwonse ankachonga zimene wasunga. Zilembo zake zinali zokhotakhota, koma mvula yoyamba inamupeza ali m'nyumba yosadontha.

Chimodzimodzi popita ndi mwana kuchipatala, pokatenga chitupa kuboma, pokaona abale kutali. Tifunsiretu tsiku limene amatsegula ndi mapepala amene amafuna. Tidziwe amene atsale ndi mbuzi, ana ndi dimba. Ndipo ulendo wosafulumira tisauike m'masiku obzala kapena opalira, pamene munda ukufuna dzanja lililonse.

Ntchito ya sabata ino

1. Lembani m'kope chinthu chimodzi chimene mukufuna kuchita chaka chino.
2. Pansi pake yankhani mafunso anayi aja.
3. Lembani tsiku lomaliza, kenaka werengani chobwerera mpaka lero. Ntchito yoyamba ndi iti?
4. Masamu: ngati galimoto ikwera kufika pa 200 pa thumba, phindu la ulendo uja litsala zingati?

Mubwere ndi makope anu pa phunziro likudzali. Amene dzanja likadamuvuta, akhale pafupi ndi mnzake, alembere limodzi.